ThermoDox, DPPG2 kapena PNIPAM: Tonyamula Mankhwala a Khansa Totseguka ndi Kutentha

Funso lomwe limabwerabwera ndi lakuti, mwa timatumba ting'onoting'ono tonyamula mankhwala a khansa otchedwa doxorubicin m'magazi, totseguka tikafika pa chotupa chotenthetsedwa, tabwino ndi titi? Ambiri amathamangira kuyerekeza kukula kwake. Kumeneko n'kutaya nthawi, chifukwa pafupifupi tonse tili pa nanomita 100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Kusiyana kwenikweni kuli pa nthawi: katumba kamasunga mankhwala kwa nthawi yaitali bwanji m'magazi a madigiri 37, ndipo kamawatulutsa msanga bwanji pa 41 kapena 42?

Tiyambe ndi ThermoDox, yomwe anaikonza David Needham ndi Mark Dewhirst ku Duke University. Khungu lake ndi la mafuta a DPPC, omwe amafewa pa madigiri pafupifupi 41, osakaniza ndi mafuta ena pang'ono otchedwa MSPC. MSPC ndi amene amaboola timabowo khungu likayamba kufewa, moti mankhwala amatuluka m'masekondi ochepa. Liwiro limeneli ndi lofunika, pakuti magazi sachedwa m'chotupa. Katumba kochedwa kutseguka kamakatayira mankhwala kwina.

Koma MSPC yemweyo ndiye gwero la vuto. Mapuloteni a m'magazi amamuzula m'khungu muja, ndipo katumba kamayamba kuchucha kasanafike pamalo otentha. Pakatha ola limodzi kapena awiri, mankhwala ambiri amakhala atatayika. N'chifukwa chake kutenthetsa kumayenera kuyamba diripi ya mphindi 30 ija ikadali kulowa. Mukachedwa, wodwala walandira doxorubicin wamba, maselo oyera a magazi atsika, phindu palibe.

Apa ndi pomwe pamapweteka mtima. Kafukufuku wa HEAT, woyesa ThermoDox pamodzi ndi singano yowotchera chotupa (RFA) pa odwala khansa ya chiwindi 701, sanapindule mu 2013. Wa OPTIMA, womwe unalamula kuti singano yowotchera ikhale m'chotupa mphindi zosachepera 45, nawonso unagwa mu 2020. Ena amati katumbako ndi kachabe. Sindikuvomereza. Singano ya RFA imawotcha pakati pa chotupa kupitirira madigiri 60, mitsempha ya magazi imapsa n'kutsekeka, ndiye mankhwala alowera kuti? Amangofika m'mphepete mofunda, ndipo ngakhale pamenepo mtsempha waukulu ukadutsa pafupi umachotsa kutentha konse. Katumba kofuna madigiri 40 mpaka 42 kwa nthawi yaitali anakaphatikiza ndi chida chowotcha mwaukali. Ku Oxford, mu kafukufuku wa TARDOX wa 2018, anatenthetsa chiwindi pang'onopang'ono ndi mafunde a ultrasound olunjika pamalo amodzi, ndipo doxorubicin m'chotupa anachuluka pafupifupi ka 3.7. Odwala anali 10 okha, tisaiwale, komabe zinaonetsa kuti katumbako kamatsegukadi m'thupi la munthu.

Timatumba ta mafuta otchedwa DPPG2, tochokera kwa akatswiri a ku Munich, timakhala nthawi yotalikirapo m'magazi tisanachuche, koma timatsegukabe msanga. Izi zimapatsa dokotala mpata wokonza makina otenthetsera popanda kuthamanga ndi wotchi. Umboni wake pa anthu ukadali wochepa poyerekeza ndi wa ThermoDox. Ngakhale zili choncho, mtima wanga uli kumeneku, chifukwa takonza chilema chenicheni chomwe chinkavutitsa.

PNIPAM, yemwe si mafuta koma mankhwala a mtundu wa pulasitiki, sindimukhulupirira. Amafota pa madigiri 32, kutanthauza kuti m'thupi amakhala atatseguka kale, pokhapokha atasakanizidwa ndi zina kuti malire akwere. Thupi silimugaya. Chokwiyitsa kwambiri n'chakuti zotsatira zokongola zambiri zimayesedwa m'madzi amchere a mu labotale, momwe mulibe mapuloteni. Munthu akakuonetsani chithunzi cha katulutsidwe ka mankhwala, mufunseni ngati anayesa m'madzi a magazi pa madigiri 37 kwa ola lathunthu.

Palinso tinthu tina tomwe ntchito yake ndi kutenthetsa chotupa. Tizitsulo ta iron oxide, monga NanoTherm ya zotupa za muubongo, timadzitenthetsa tokha m'maginito osinthasintha, koma timabayidwa m'chotupa mwenimweni ndipo zitsulo za m'mano zimayenera kuchotsedwa kaye. Ta golide timadalira kuwala kwa laser komwe sikulowa patali m'mnofu.

Doxil, katumba kena konyamula doxorubicin, wovomerezeka kuyambira 1995, satseguka ndi kutentha konse. Khungu lake ndi lolimba, lili ndi cholesterol, ndipo kulitenthetsa pa 42 sikuliboola. Pa chotupa chomwe sichingatenthetsedwe mofanana paliponse, monga chomwe chafalikira m'ziwalo zingapo, Doxil ndi amene akugwirabe ntchito m'zipatala, pomwe timatumba totseguka ndi kutentha tikadali m'kafukufuku.