go-sql-driver/mysql pa Amazon RDS: dalaivala wabwino, koma samalani ndi mawotchi ake awiri

Kwa olemba mapulogalamu a Go olumikizana ndi database ya MySQL ya pa RDS (ntchito ya Amazon yosungira ma database pa intaneti), dalaivala uyu (kachidutswa kolumikiza pulogalamu ndi database) ndi wodalirika ndipo ndi waulere. Pamene amavutitsa ndi pa masiku ndi nthawi.

Mukangomuika osasintha kalikonse, DATE ndi DATETIME (mitundu ya MySQL yosungira tsiku ndi nthawi) zimabwera ngati `[]byte` (ma byte wamba), ndiye Scan, yomwe imakopera zotsatira mu `time.Time` ya Go, imakana ndi uthenga wakuti "unsupported Scan". Mankhwala ake ndi `parseTime=true` mu DSN, mzere wa mawu wouza dalaivala momwe angalumikizire ku database. Apa palibe chodandaulitsa kwenikweni chifukwa cholakwikacho chimaonekera pompo.

Vuto lenileni ndi lomwe silimveka phokoso. `loc` ya mu DSN imangouza dalaivala dera la nthawi lomwe azigwiritsa ntchito polemba ndi powerenga, siyisintha `time_zone` ya seva, yomwe pa RDS imayamba ili UTC (nthawi yoyendera dziko lonse, yotsalira maola awiri ku ya Malawi). Tinene kuti mwaika `loc=Africa%2FBlantyre`. Malipiro achitika 14:30, pulogalamu yanu itumiza 14:30, koma `NOW()` ya seva pa mzere womwewo ilemba 12:30. Powerenga, dalaivala atenga 12:30 ija ngati nthawi ya ku Malawi, maola awiri asowa popanda chenjezo. Malipiro a 01:00 usiku amakagwera pa lipoti la dzulo, owerengera ndalama n'kumasaka cholakwa chomwe sichioneka. Izi zimandikwiyitsa, chifukwa dzina loti `loc` limanyenga munthu kuganiza kuti zonse zakonzeka.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi kusiya zonse ziwiri, `loc` ndi `time_zone`, pa UTC, n'kusinthira ku nthawi yakwanuko poonetsa pa sikirini basi. Ngati simungachitire mwina, sinthani zonse limodzi poonjezera `time_zone=%27%2B02%3A00%27` (ndiye kuti '+02:00') mu DSN. Kontena (bokosi loyendetseramo pulogalamu) yopanda tzdata (mndandanda wa madera a nthawi), monga ya Alpine Linux, imakana dzina la Blantyre. Ikani mu pulogalamu yanu package ya `time/tzdata`, yomwe ilipo kuyambira Go 1.15.

Musamapange nokha mawu a tsiku ngati 03/04/2025. Perekani `time.Time` kudzera pa `?` ya mu funso la SQL. Zikafunikadi kulemba tsiku ngati mawu, mpangidwe wake mu Go ndi `2006-01-02 15:04:05`, ndipo kulemba 03 m'malo mwa 15 kumasandutsa 14:30 kukhala 02:30.

DATETIME wamba sasunga tizigawo ta sekondi, moti 23:59:59.6 imakwera n'kulowa tsiku lotsatira. DATETIME(6) imathetsa izi. Pomwe pangakhale NULL (malo opanda kanthu) gwiritsani `sql.NullTime`. TIMESTAMP, mtundu wina wosungira nthawi, imathera pa 19 Januwale 2038, choncho masiku othera ngongole ya zaka 15 musawasunge mmenemo.