Kapu yoyezera mankhwala ozunguza bongo mumkodzo: yothandiza, koma si umboni

Mabwana ena a madalaivala ndi alonda mu Lilongwe muno amagula makapu oyezera mkodzo aja, okhala ndi timapepala tingapo m'mbali mwake. Kapepala kalikonse kamafufuza chake: THC ndi chamba, COC ndi cocaine, OPI ndi gulu la heroin, morphine ndi codeine, AMP ndi amphetamine, pomwe BZO ndi mankhwala ngati diazepam.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Munthu akodzere m'kapumo mpaka pamzere wolembedwa, mutseke, ndipo pasanathe mphindi 4 muone kachizindikiro ka kutentha. Mkodzo wongotuluka kumene umakhala pakati pa madigiri 32 ndi 38. Ukazizira kuposa pamenepo, kayikirani kuti wathiridwa madzi kapena ndi wa munthu wina. Zotsatira muwerenge pa mphindi 5. Zikadutsa 10 musazikhulupirirenso.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mizere. Anthu anazolowera zoyezera mimba ndi malungo, zomwe mizere iwiri imatanthauza kuti chapezeka. Kapuyi ndi yotembenuza: mizere iwiri, pamalo olembedwa C ndi olembedwa T pa kapepalako, ndiye kuti palibe kanthu, ngakhale wa pa T utaoneka mozilala. Mzere umodzi wa pa C wokha ndiwo ukusonyeza kuti mwina mankhwala alimo. Pa C pakapanda mzere, tayani kapuyo, yafa.

Pa chamba imagwira bwino. Makapu ambiri amayamba kuonetsa chamba chikafika mlingo wa 50 ng/mL (mananogalamu 50 pa mililita imodzi ya mkodzo), ndipo wosuta tsiku ndi tsiku angathe kupezeka nacho ngakhale patatha milungu ingapo atasiya. Choncho siikuuzani ngati dalaivala waledzera lero. Kachasu siimuona n'komwe, ndipo tramadol sagwidwa ndi kapepala ka OPI, amafuna kakekake.

Chodetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi mankhwala akuchipatala. Efavirenz, amene ena omwa ma ARV akadalandirabe, amatha kuonetsa ngati munthu wasuta chamba pa makapu ena. Rifampicin wa TB amatha kunamizira OPI, ndipo mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amatulukanso pomwepo. Muzifunsa kaye zomwe munthuyo akumwa, mwachinsinsi, chifukwa za ma ARV si zolengeza pa ofesi. Musamuchotse ntchito mkodzowo usanatsimikizidwe ku labotale ndi makina a GC-MS, oyeza molondola kuposa kapuyi.

Pogula onani tsiku lothera mphamvu komanso ngati paketi siinabooke. Makapuwa amafuna kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 30, ndiye kuwasiya m'galimoto yoima padzuwa la Okutobala ku Kanengo ndi kungotaya ndalama.