Universe Sandbox: mapulaneti akukokana inu mukuona

M'mabuku a sukulu amajambula Dzuwa pakati, mapulaneti atandandalika pa mizere ngati lililonse lili ndi njanji yakeyake. Universe Sandbox, pulogalamu ya pakompyuta ya kampani ya Giant Army, njanjizo ilibe. Mmenemo chinthu chilichonse chimakoka chinzake potsatira lamulo la Newton la mphamvu yokoka (gravity), ndipo njira imene pulaneti limadutsa imachokera m'kukokanako.

Ine amene anandigwira mtima ndi Jupiter. Kulemera kwake n'kofanana ndi maiko 318 onga lathuli, ndipo pulogalamuyi imakulolani kumuwonjezera kulemerako mmene mungafunire. Nditatero, njira ya Saturn inayamba kupindika, kenako mapulaneti ena anasokonekera, Dzuwa nalo likugwedezeka moonekeratu. Kugwedezekako si kwa pakompyuta pokha ayi. Ngakhale kumwambaku Dzuwa silikhala phee: ilo ndi Jupiter amazungulira malo amodzi amene ali kunja pang'ono kwa Dzuwalo. Ndinkazidziwa powerenga, koma kuziona zikuyenda n'kwina.

Mukaona zimenezi, nkhani ya mmene pulaneti la Neptune linapezekera imamveka bwino. Uranus sankapezeka pamene masamu ankanena kuti akhale. Katswiri wa zakuthambo Urbain Le Verrier anawerengera kumene chomukokacho chiyenera kukhala, ndipo mu 1846 katswiri wina, Johann Galle, anachipezadi ali ku Berlin: chinali Neptune.

Musaiwale kuyendera miyezi ya Jupiter. Mwa miyeziyi, Ganymede akazungulira Jupiter kamodzi, Europa amakhala atazungulira kawiri, Io kanayi. Ine pamenepa ndimakhalitsa.

Pali chimodzi choti mudziwe musanayambe. Zinthu zokokana zikakwana zitatu kapena kuposerapo, palibe njira imodzi yamasamu yopereka yankho lonse nthawi imodzi. Kompyuta imawerengera pang'onopang'ono, kamphindi ndi kamphindi. Mukathamangitsa kwambiri nthawi, timphindito timatalika ndipo kulondola kumachepa, makamaka pa miyezi yozungulira msanga. Mukachulutsanso zinthu, ntchito imakula msanga chifukwa chilichonse chiwerengeredwe ndi chinzake chilichonse, ndiye kompyuta yofooka imavutika. Masamu ake ndi otero basi.

Aphunzitsi a sayansi, iyi ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse. Yambani ndi Dzuwa ndi pulaneti limodzi, ana aone njira yokhazikika ikubwerezabwereza. Kenako ikani lachitatu lolemera pafupi, ndipo muwafunse kaye zimene akuganiza kuti zichitika musanayendetse nthawi.