Chingamu cha nikotini chimagwira ntchito, koma n'chodula

Kusiya fodya kuno ku Kasungu n'kovuta. Timalima tokha, timakagulitsa ku Chinkhoma, ndipo chingambwe chili m'chigafa momwemo, chaulere. Chifuwa cha m'mamawa chitandikwana, alamu anga anandigulira chingamu cha nikotini ku famase ina pa boma.

Chilipo cha 2 mg ndi cha 4 mg. Champhamvucho ndi cha anthu ngati ine, oti tikangodzuka ndudu ili kale pakamwa. Katafunidwe kake ndi kena. Umatafuna pang'onopang'ono mpaka m'kamwa muyambe kuwawa ngati tsabola, kenako umachipanikiza pakati pa tsaya ndi nkhama. Kuwawako kukazilala umatafunanso, choncho mpaka mphindi 30 zikwane. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amayambitsa chibaba, amalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo. Ukachitafuna mothamanga n'kumameza malovu, umamva mseru ndi kutentha pamtima. Khofi ndi zakumwa za m'botolo zimachifooketsa, ndiye usamwe kutatsala mphindi 15 kuti uyambe kutafuna.

Chibaba chimatsikadi, apa sindinganame. Ukali womwe ndinkachitira mayi a kunyumba unachepa. Koma chizolowezi cha zala sichichoka ndi chingamu ayi. Ndikangosamba m'manja nditadya nsima, dzanja limapita lokha m'thumba kukafuna machesi. Pano m'thumbamo mumakhala mtedza wokazinga.

Mtengo ndiye wowawa, poti chimafunika kwa miyezi pafupifupi 3, komanso sichipezeka nthawi zonse. Nthawi zina timachita kutuma munthu ku Lilongwe. Amayi oyembekezera ndi odwala mtima ayambe afunsa kuchipatala.