Miyezi khumi chiyambireni uphungu wa mwana wanga

Mu Ogasiti chaka chatha ndinalemba kuti mwana wanga wamkazi, wazaka 15, wayamba kuonana ndi namwino woona za matenda a maganizo, ndipo ndinalonjeza kudzafotokoza zikadzapita patali. Uno ndi Juni 2024, yakwana miyezi khumi.

Kwa amene simunamve: madzi a namondwe wa Freddy anatipeza usiku mu Malichi 2023, kwathu kufupi ndi Bangula, ndipo tinakhala milungu ingapo pa kampu ya pasukulu. Madzi a 2015 ndi a namondwe wa Ana mu 2022 mwanayu anawaona, koma awa anamukhala m'mutu. Titabwerera kunyumba anayamba kudzuka usiku n'kukagwira pansi pakhomo ndi chikhatho, kuona ngati panyowa. Poyamba kamodzi. Pofika Julayi, kunja kuli fumbi lokhalokha, ankagwira kasanu ndi kawiri, akasokoneza kuwerenga n'kuyambiranso. Akatero funso: "Amayi, madzi sakubwera?" Usiku umodzi ndinkayankha mwina kakhumi. Makope ake ankawamanga m'jumbo n'kuwapachika kudenga.

Anesi aja anati pali zinthu ziwiri zolukanalukana: mantha otsalira munthu akaona zoopsa, ndi matenda omwe amati OCD. Ganizo loopsa limabwera losaitanidwa, munthu amachita kamwambo kake kuti mtima ukhale pansi, umakhaladi pansi kwa kanthawi, ndiye ubongo umaphunzira kuti kamwamboko ndi kamene kamupulumutsa. Mawa ganizolo limabwera lonenepa. Kenako anandiyang'ana ine: "Mayi, mukamamuyankha funso lija mukudyetsa matendawo."

Pa zonse zomwe tapitamo, mawu amenewo ndiwo anandiwawa kwambiri, komanso ndiwo anathandiza kwambiri. Tinagwirizana atatu, mwanayo ali pomwepo, kuti akafunsa ndizingonena kuti, "Funso limenelo ndi la matenda, mwana wanga, ine ndili pompano." Usiku woyamba analira mpaka tambala woyamba. Agogo ake anadzuka n'kundikalipira kuti ndauma mtima ngati nkhuni ya tsanya. Usiku wachitatu ndinagonja, ndinamuyankha. Nditaulula kuchipatala anesi sanandidzudzule, anangoti tiyambirenso.

Panali vuto lina lomwe ine ndinalifunsa mokwiya ndithu. Kuno ku chigwa madzi amabweradi, Shire ndi Ruo akakumana atakwiya palibe amene amagona. Ndiye mwana woopa madzi akudwala chiyani? Anandiyankha kuti kukonzekera ndi kamwambo n'zosiyana. Kukonzekera kumatha: bambo ake amamvera za nyengo pa wailesi kamodzi madzulo, tonse tikudziwa kumtunda kothawira, basi. Kamwambo sikatha, ndipo sikafuna umboni, n'chifukwa chake ankagwira pansi mu Julayi. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yoyang'anira madzi inachoka m'manja mwa mwana n'kupita kwa bambo ake.

Kenako anajambula makwerero m'kope, kuyambira chinthu choopsa pang'ono mpaka choopsetsetsa, ndipo mantha ake ankawayeza kuyambira 0 mpaka 10. Pansi penipeni panali kumvera phokoso la mvula pa foni. Pakati panali chinthu chomwe aneba sadzaiwala. Mu Okutobala, dzuwa la kuno likuswa mtengo, mlongo wake anakwera pa mpando n'kumakhuthulira ndowa ya madzi pa malata a kukhitchini, iye atakhala m'kati, manja ali pamiyendo, osaloledwa kugwira pansi. Ana a pamudzi anaunjikana kuseka kuti kwathu tikupanga mvula. Iye ankanjenjemera, thukuta kamukamu, akuti 9. Tinangodikira. Patapita mwina theka la ola anati 4, popanda wina womutonthoza. Tinabwereza masiku ambiri mpaka ndowayo inayamba kumutopetsa m'malo momuopseza.

Za usiku wa Freddy analemba m'kope lina n'kumawerengera anesi mobwerezabwereza. Tsiku lina anandilola kumva. Ndi pomwe ndinadziwa kuti tikuoloka m'madzi ofika m'chifuwa, dzanja la kamlongo kake kakang'ono linamupulumuka kwa kamphindi, ndipo miyezi yonseyi ankadziona ngati anatsala pang'ono kupha mwana. Kamwanako kali moyo, kakuthamangitsa mbuzi panja pano. Ine mayi wake ndinali ndisakudziwa.

Mankhwala anamupatsanso, a fluoxetine, kapisozi mmodzi m'mawa. Milungu iwiri yoyamba anali ndi nseru ndi mutu. Anatichenjeza kuti amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti ayambe kugwira ntchito, kuti asawasiye mwadzidzidzi, komanso kuti kwa achinyamata masiku oyambirira tizikhala tcheru ngati akukamba zodzivulaza. Zimenezo sizinachitike. Ine kuona kwanga, mankhwalawo anachepetsa moto kuti athe kukhala pansi pa malata aja, koma amene anachotsa dzanja pansi ndi makwerero.

Zodandaula zilipo. Mwezi wina mankhwala anatha kuchipatala, anachita kutigulira achimwene anga ku famase ku Blantyre. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi unakwera moti tinasiya kupita mlungu uliwonse, tinkapita kawiri pamwezi, zina n'kumakambirana pa foni. Chipinda cha anesi kuchipatalako n'chotchinga ndi katani yokha, ndipo pamzere pali anthu okudziwani. Mayi wina anandifunsa mokweza kuti, "Kodi mupita naye liti ku Zomba?" Kwa ambiri kuno, nkhani ya maganizo ndi misala basi. Mwana wanga sanagonekedwepo kulikonse, wachira akugona kwawo, akupita kusukulu.

Kutchalitchi sitinasiye, ndipo anesi sanatiletse. Koma ndi iwo anazindikira kuti atachepetsa kugwira pansi anayamba kubwereza pemphero limodzi kasanu ndi kawiri asanagone. Matendawa amangosintha chovala. Anamuuza kuti azipemphera kamodzi, mokweza, pamodzi ndi ife.

Panopa amagona mpaka kucha. Kugwira pansi kumachitika mwina kamodzi pa milungu iwiri, ndipo amadziulula yekha akuseka. Mwezi watha anapita ndi bambo ake kudooko kukagula mlamba, anaima m'mphepete mwa Shire osathawa. M'bwato sanakwerebe.

Sindinganene kuti mayeso enieni tawadutsa. Mu Januwale kutagwa mvula yamphamvu usiku umodzi, zonse zinabwerera kwa masiku atatu, tinatsika makwerero n'kukweranso. Koma dzinja lathali linali la ng'amba ya El Niño, yomwe inachititsa Pulezidenti Chakwera kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mapira athu anauma, ndipo malata anakhala chete nthawi yambiri. Tagwirizana ndi anesi kuti tidzakumane mu Okutobala mitambo isanayambe, mankhwala apitirize kaye. Jumbo ija ikadali kudenga, ngakhale muli makope akale okhaokha. Ndinafuna kuichotsa, anandiuza kuti ndiisiye, adzaitsitsa mwini wake.