Scuba: Nyanja ya Malawi Kapena Tanganyika?

Anzanga a kuntchito ndi a pa WhatsApp akhala akundifunsa funso limodzi lomweli: munthu wofuna kulowa pansi pa madzi atabereka thanki ya mpweya ayambire nyanja iti? Ndiyankhiretu pano kuti wofunsanso ndizingomulozera.

Chilwa, Chiuta ndi Malombe musazivutikire. Zimenezi ndi nyanja za asodzi, zosaya komanso zamatope, ndipo Chilwa imafika pophwa kumene monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Kariba ili ndi kuya kwake, koma muli ng'ona, mvuu ndi mitengo yomwe inamira damu litadzaza, choncho mnzanga sindingamutumize kumeneko. Zopikisana zenizeni ndi ziwiri, Malawi ndi Tanganyika.

Anthu amakonda kutsutsana za kuya, kuti Tanganyika imafika mamita 1,470 pomwe yathuyi ndi pafupifupi 700. Kwa ife olowa pansi pa madzi zimenezo zilibe ntchito. Satifiketi yoyamba ya maphunziro a scuba imakulolani mamita 18 okha, ndipo wolowa m'madzi mongosangalala sapyola 40 ngakhale atazolowera bwanji.

Tanganyika ndimaipatsa ulemu wake. Ku mbali ya Zambia, kuchokera ku Mpulungu mpaka ku Ndole Bay kufupi ndi paki ya Nsumbu, kuli zinthu zomwe kwathu sizioneka kawirikawiri: tinsomba tomwe timakhala ndi kuswana m'zigoba za nkhono zoyalana pamchenga, nsomba zikuluzikulu zotchedwa nkupi, ndi tima jellyfish (tinyama tofewa toonekera mkati) ta m'madzi opanda mchere. Nsomba zake n'zosiyanasiyana maonekedwe ndi khalidwe, ngakhale sizowala ngati mbuna, tinsomba ta m'miyala ya nyanja yathu. Vuto ndi mtunda. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Mpulungu ndi makilomita oposa 1,000, ndipo mukafika pamenepo Ndole akadali patsogolo, mukwerenso boti kapena mupirire msewu wovuta. Ndalama imathera panjira musananyowe n'komwe. Ng'ona ziliponso, makamaka kumene mitsinje imathira, ndiye mawu a wokutsogolerani muziwamvera ndithu.

Nyanja ya Malawi ndiyo imapambana, ndipo sindikunena izi chifukwa chongokonda kwathu. Palibe nyanja ina padziko lapansi yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati iyi, n'chifukwa chake paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mukangomiza mutu pafupi ndi miyala ya ku Thumbi, Domwe kapena Otter Point, mbuna za buluu, zachikasu ndi zamizeremizere zimakuzingani. Mukadekha mumaona yaikazi ikulavula ana kuti adye, n'kuwabwezeranso m'kamwa ikaona mdani. Ku Likoma madzi ndi oyera bwino, koma ulendo wa pa Ilala umafuna munthu wosathamangira kuntchito Lolemba.

Tsono ndinene chomwe chinandiwawa, chifukwa n'chimene chingakugwereni inunso. Pamalo ena ake kummwera kwa nyanjayi anandiuza mtengo pa foni, ine n'kuvomera, n'kukonza bajeti yanga. Tinalowa m'madzi bwinobwino. Titatuluka, ndisanavule n'komwe wetsuit (chovala cholowera m'madzi), anandibweretsera pepala. Mtengo uja unali wa thanki ndi wotsogolera basi. Chovala chinali ndi mtengo wake, zipsepse za kumapazi ndi magalasi wake, jekete yoyandamitsa wake, mafuta a boti wake. Pansi penipeni panalinso ndalama yolowera m'paki, yomwe pa foni paja sanaitchule ngakhale pang'ono.

Ndalama ya paki sindikangana nayo, chifukwa ndiyo imathandiza kuteteza mbuna zomwe timakaonazo. Chomwe chinandipweteka n'chakuti anandilembera ngati mlendo wakunja, pomwe m'mapaki athu Mmalawi amalipira zocheperapo kuposa mlendo. Nditatulutsa chitupa anasintha, koma mochita kuoneka kuti ndawavutitsa. Kenaka zonse zinali m'madola, ndipo posinthira ku makwacha anagwiritsa ntchito reti yawoyawo, yokwera kuposa ya kubanki. Munthu uli chinyowere, zipangizo wagwiritsa kale ntchito, ungakane bwanji? Ndinalipira pafupifupi kawiri zomwe ndinakonzekera, ndipo chakudya chamadzulo sichinatsike bwino tsiku limenelo. Pamalo pajapo sindinapondenso.

Choncho inu anzanga, musanavale kanthu funsani mtengo wonse ndipo aulembe pa meseji: zipangizo, boti, paki, reti ya dola, komanso ngati ali ndi mtengo wa Amalawi. Akamazungulira poyankha, nyamukani. Muonenso thanki ngati ili ndi chidindo chosonyeza kuti inayesedwa, ndipo mpweya muulawe kaye mudakali kumtunda. Ukamanunkha mafuta kapena utsi, musalowe nawo.

Mwina chakukhosi chimenechi n'chomwe chimandikokera kumpoto, koma ine mtima wanga uli ku Nkhata Bay, ndipo wongoyamba kumene ndimamutumiza kumeneko. Matanthwe amatsetsereka kuchokera pagombe pomwepo, ndiye simuwononga nthawi yaitali m'boti. Chomwe chimandibweza kumeneko ndi usiku. Mukayatsa tochi pansi, nsomba zazitali zomwe alangizi amazitchula kuti dolphin fish zimabwera m'gulu n'kumayenda nanu, zikusaka mbuna zobisala m'ming'alu. Zimafufuza nyama yake ndi timphamvu ta magetsi tochokera m'thupi mwake, ndipo zimadutsa pafupi kwambiri moti mumamva zikukukhudzani m'miyendo. Masana mukachita mwayi mumapeza kampango ali pachisa pansi pa thanthwe, bambo ndi mayi onse akulondera ana. Ambirife kampango timamudziwa ali m'mbale, koma kumuona akulera kumasintha momwe umamuganizira.

Likodzo lilipo m'malo ena, makamaka m'madzi osaya pafupi ndi midzi ndi bango. Kukayezetsa kuchipatala pakapita milungu ingapo si chinthu chochita nacho manyazi. Nyengo yabwino ndi kuyambira September mpaka mvula isanalimbe. M'miyezi yozizira mwera umavundula nyanja, ndipo m'dzinja mitsinje imathiramo matope.

Pali china chomwe malo ambiri sachitsindika mokwanira, pomwe chimakhudza moyo. Nyanja zonse ziwirizi zili pamalo okwera: ya Malawi ili mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, Tanganyika pafupifupi 770. Matebulo wamba owerengera nthawi ya pansi pa madzi amagwira ntchito mpaka mamita 300 okha, ndiye kompyuta ya padzanja yowerengera kuya ndi nthawi iyenera kukhala yotcheredwa molingana ndi kukwera kwa malowo. Funsani ngati yobwerekayo anaitchera. Choopsa china chili pamsewu wobwerera. Mukakhala pansi, mpweya wa nitrogen umalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo mukakwera msanga kumalo okwera umatha kupanga thovu m'thupi, n'kubweretsa ululu m'mfundo, dzanzi, ngakhale kufa ziwalo. Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, ulendo wa ola limodzi chabe kuchokera ku Nkhata Bay. Wochokera ku Cape Maclear wodzera ku Golomoti amakwera phiri mpaka chakufupi ndi Dedza, komwe ndi mamita pafupifupi 1,600. Malangizo a okwera ndege atachoka pansi pa madzi amati mudikire maola 12 mukalowa kamodzi, ndi 18 mukalowa kangapo, ndipo ine mapiri amenewa ndimawaona ngati ndege yomweyo. Ngati mukubwerera Lamlungu masana, kulowa pansi kuthere Loweruka m'mawa. Mukalowa Lamlungu, gonani kunyanja komweko, galimoto muilize Lolemba.