Mlandu wa upandu kapena wobweza ndalama: njira ziwiri za loya wa boma ku United States

Loya wa boma la United States akapeza kuti chipatala kapena dokotala wakhala akulipiritsa Medicare, thumba la boma lolipirira chithandizo cha kuchipatala cha okalamba ndi olumala, ndalama za chithandizo chomwe odwala sanalandire, amakhala ndi njira ziwiri zoyendetsera nkhaniyo, ndipo njira yomwe wasankha ndiyo imalamula mtundu wa umboni womwe ayenera kusonkhanitsa.

Yoyamba ndi mlandu wa upandu. Pamenepa loyayo ayenera kukhutiritsa khothi, popanda chikaiko chomveka, kuti wozengedwayo anachita chinyengocho mwadala, ndipo akapezeka wolakwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 10. Ntchitoyi ndi yolemetsa, chifukwa cholinga cha munthu sichioneka m'mabuku a ndalama okha. Pamafunika mboni, monga namwino amene analamulidwa kulemba kuti wodwala wapatsidwa njinga ya olumala yomwe sanaione n'komwe.

Yachiwiri ndi mlandu wofuna kubweza ndalama pogwiritsa ntchito lamulo la False Claims Act la 1863. Umboni wofunika ndi wopepukirapo, ndipo boma lingathe kulandira katatu ndalama zomwe zinabedwa. Lamuloli limalolanso munthu wodziwa zachinyengozo, kawirikawiri wogwira ntchito pachipatala pomwepo, kuyambitsa mlandu m'malo mwa boma n'kulandira pakati pa 15 ndi 30 peresenti ya ndalama zobwezedwa.

Kwa ine, njira yachiwiriyi ndi yabwino pobweza ndalama kuthumba lothandizira odwala, koma pomwe wodwala wachitidwa opaleshoni yosafunika pofuna phindu, ndende ndiyo yoyenera, ndipo lamulo limakweza chilangocho kufika zaka 20 munthu akavulala kwambiri.